Laputopu ya mkulu wanga yandisowetsa pogwira

Lolemba usiku

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Moni nonse a pa gulu. Pepani ndikulemba usiku chonchi, koma tulo sitikubwera. Mkulu wanga amene ndi nesi ku Manchester wanditumizira laputopu yake kudzera kwa mnzake amene anabwera kumaliro sabata yatha. Ndi MacBook Air ya 2020, yopyapyala moti imalowa m'chikwama pakati pa makope a ana osaoneka n'komwe. Tsiku limene inafika ndinavina, chifukwa yanga yakale inafika poti ukangozula chaja imazima pomwepo, ndiye magetsi akapita ntchito nayo yapita.

Lero akwana masiku asanu ndili nayo, ndipo palibe ntchito imene ndamaliza. Windows ndaigwiritsa ntchito zaka 14. Kusukulu aphunzitsi anzanga akakanika kanthu pa kompyuta amabwera kwa ine. Koma iyi ndikakhala nayo pansi zala zanga zimachita ngati za munthu wina. Ndikadina Ctrl ndi C palibe chikuchitika. Ndikatseka pulogalamu pa kabatani kofiira, pansi apo ikuonetsabe kuti ili yotsegula. Fulashi yanga ya kusukulu inakana kulowa chifukwa mabowo ake ndi ang'onoang'ono, ndinachita kukagula kolumikizira ku Kamwala. Italowa, mafayilo ndikuwaona bwinobwino, ndikutha kuwatsegula, koma kuikamo chatsopano ikukana.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi cha lero. Ndinalemba mafunso a mayeso a pakati pa temu mu pulogalamu yotchedwa Pages, maola atatu athunthu, ndi kuwatumiza kwa wachiwiri kwa ahedi pa WhatsApp. Andiyimbira kuti fayilo sikutseguka. Mafunso akufunika Lachisanu m'mawa. Ndiuzeni zoona abale, ndigulitse ndigule ya Windows, kapena pali chimene ndikulakwitsa?

Amalume a ku Kabwata:
Mwana wanga, gulitsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iwe ukudziwa Windows, kusukulu kwanu kuli Windows, kosindikizira mapepala konse mu Lusaka muno kuli Windows. Ndalama za makina amenewo zikugulira laputopu yabwino n'kutsalako ya ufa. Ine mwana wanga anandibweretsera yotereyi ku shopu, pulogalamu yanga ya maakaunti inakana kulowamo, ndinaibweza patatha masiku atatu.

Wokonza makompyuta ku Town:
Aphunzitsi, musathamange kugulitsa. Zonse mwatchulazi palibe chimene chikusonyeza kuti makina ndi owonongeka. Ndiyambe ndi mafunso a mayeso chifukwa ndiwo ali ndi tsiku.

Ntchito yanu sinatayike. Fayilo ya Pages imathera ndi .pages, ndipo Word saidziwa, n'chifukwa chake akulu aja sanathe kutsegula. Tsegulani mafunsowo mu Pages momwemo, pitani pamwamba penipeni pa sikirini pamene palembedwa File, sankhani Export To, kenako Word. Ituluka fayilo ya .docx imene aliyense atsegula. Mukachite kachiwiri n'kusankha PDF. Ya Word ndi ya munthu amene akufuna kukonzamo, ya PDF ndi yokasindikiza, chifukwa PDF siisuntha mizere ngakhale ipite pa kompyuta ya ndani.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
File ndinamufunafuna pa windo sindinamuone. Kodi ali kuti?

Wokonza makompyuta ku Town:
Sali pa windo, ali pa mzere wa pamwamba pa sikirini yonse, pafupi ndi kachizindikiro ka apozi. Pa Windows pulogalamu iliyonse imayenda ndi menyu yake. Pa Mac mzere ndi umodzi, umangosintha malinga ndi pulogalamu imene mwadina. Mukadina pa Pages mzerewo ukhala wa Pages.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Ndamuona! Zatheka, ndatumiza zonse ziwiri. Zikomo achimwene, mtima unali m'mwamba.

Mwana wa UNZA:
Madamu, za Ctrl zija. Pa Mac ntchito ya Ctrl inapita ku batani la Command, lili mbali zonse ziwiri za batani lalitali la mpata. Command ndi C kukopera, Command ndi V kumata, Command ndi Z kubweza, Command ndi S kusunga. Zilembo zake ndi zomwezija, chasintha ndi chala basi. Pa Windows munkadina ndi kachala kakang'ono, apa mudina ndi chala chachikulu. Ine chaka choyamba ndinamata kapepala kofiira pa Command kwa sabata ziwiri kuti diso lizigwera pomwepo. Kenako ndinakachotsa chifukwa chala chinali chitazolowera.

Kabatani kofiira kamatseka windo lokha, pulogalamu imatsala. Kuitseka yonse ndi Command ndi Q. Koma samalani, Q ali pafupi ndi W, ndipo Command ndi W imatseka tsamba limodzi lokha. Anthu ambiri amafuna kutseka tsamba n'kupezeka atseka zonse.

Amalume a ku Kabwata:
Mwaona? Munthu wa zaka 14 pa kompyuta ayambirenso kumata timapepala ngati mwana wa giredi wani. Nthawi imeneyo aitenga kuti, munthu ali ndi makalasi ndi ana kunyumba?

Lachiwiri

Amayi a ku Matero:
Amalume, ine ndikuimvetsa nkhawa yanu, koma lolani ndinene mbali ina. Ine ndimalemba makalata ndi malipoti a kagulu kathu ka amayi osunga ndalama, ndipo ndili ndi makina ofanana ndi amenewa. Chaka cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, nonse mukukumbuka mmene zinalili. Magetsi ankabwera pakati pa usiku, m'mawa n'kudzuka apita. Anzanga a malaputopu akale ankadzuka 2 koloko usiku kuti agwire ntchito magetsi asanathawe. Ine ndinkangotchaja usikuwo, tsiku lonse n'kumalemba pakhonde popanda nkhawa. A Apple okha amati batire la mtundu umenewu limatha kufika maola 15 uli pa intaneti likakhala latsopano. Lakale silifika pamenepo, komabe langa limandifikitsa madzulo. Mulibenso fani m'kati mwake, ndiye silikoka fumbi la m'nyengo ya mphepo ija limene limatsekereza makina ena.

Aphunzitsi anena okha kuti vuto la laputopu yakale linali magetsi. Akagulitsa iyi n'kugula yogwiritsidwa kale ntchito m'tauni, batire lake adziwa bwanji kuti ndi lamoyo? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine sabata yoyamba ndinkafuna kulira, sindibisa. Yachitatu ndinasiya kuganizira n'komwe.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Amayi, zimenezo ndaziona kale. Ndinatchaja Loweruka, mpaka dzulo usiku inali isanathe. Ndi chifukwa chake mtima ukukana kuigulitsa. Komanso ndi mphatso ya mkulu wanga, anaigula ndi ndalama za mashifiti a usiku. Ndikamuuza kuti ndagulitsa sindikudziwa kuti amva bwanji.

Koma fulashi ija ikundidetsa nkhawa. Kusukulu chilichonse chimayenda pa fulashi. Ma schemes, malikisi, makalata a makolo. Ngati sindingathe kuikamo kanthu ndiye kuti ndadzipatula kwa anzanga onse.

Wokonza makompyuta ku Town:
Apa ndiye pali nkhani yeniyeni, ndipo ndilongosola pang'onopang'ono chifukwa pano anthu amataya zinthu.

Fulashi kapena hadi iliyonse ili ndi kasanjidwe kake ka mafayilo. Yanu ndikukhulupirira ndi NTFS, kamene ndi ka Windows. Mac imatha kuwerenga NTFS koma siilembamo. N'chifukwa chake mukuona mafayilo koma ikukana kulandira atsopano. Kuti mutsimikize, dinani pa fulashiyo ndi zala ziwiri pamodzi pa trackpad, ndiye right click ya pa Mac imeneyo, sankhani Get Info, muone pamene palembedwa Format.

Kasanjidwe kamene Windows ndi Mac zonse zimawerenga ndi kulembamo ndi exFAT. Palinso FAT32, nayo imagwira ponseponse, koma siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, ndiye vidiyo yaikulu imakana. Kwa inu exFAT ndiye yabwino.

Tsono mverani apa. Kusintha kasanjidwe kumafufuta chilichonse chili mu fulashi. Chilichonse. Yambani mwakopera zonse n'kuziika pa laputopu, mutsegule mafayilo angapo muone kuti akutseguka, kenako ndiye mupite ku Disk Utility. Kuipeza, dinani Command ndi batani la mpata, palembeke kabokosi pakati pa sikirini, lembani Disk Utility. Kumanzere sankhani fulashiyo, muonetsetse dzina ndi kukula kwake kuti ndi iyoyo osati diski ya laputopu, dinani Erase, pa Format sankhani ExFAT.

Ngati manja akunjenjemera, gulani fulashi ina yaing'ono muyesere pa imeneyo. Yakale ikhale monga ilili.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Ndaona, palembedwadi NTFS. Yakaleyi muli ntchito ya zaka zambiri, sindiigwira. Ndigula ina mawa ndikaweruka.

Kabokosi ka Command ndi mpata kaja ndakakonda. Ndalemba dzina la fayilo imene ndinaisowa dzulo yatulukira pomwepo.

Mwana wa UNZA:
Kamatchedwa Spotlight. Kamawerengeranso masamu, lembani 47/60*100 muone, kakupatsani peresenti ya mwana musanatsegule china chilichonse.

Mlembi wa mpingo ku Chawama:
Ndalowa mochedwa koma ndili ndi kanga kamene palibe wakatchula. Aphunzitsi, mukayamba kulemba Chinyanja pa makina amenewo mukhumudwa, chifukwa amakonza okha mawu poganiza kuti mwalakwitsa Chingerezi. Ine ndinalemba chidziwitso cha maliro, mawu atatu anasinthidwa osandiuza, ndinazindikira nditaima kale kutsogolo kwa mpingo ndikuwerenga. Pitani ku System Settings, Keyboard, pa Input Sources dinani Edit, muzimitse Correct spelling automatically. Mukatero azisiya mawu athu mmene tawalembera.

Ndiye pali chabwino chimene ndinachipeza mwangozi. Chilembo cha ŵ, chimene timachifuna polemba Malaŵi kapena polemba Chinsenga ndi Chitumbuka, pa Windows ndinkachita kukachikopera kwina. Pa Mac mukangodina w n'kugwiritsitsa osachotsa chala, pamwamba pake pamatuluka ŵ, inu n'kusankha. Ndinasangalala tsiku limenelo ngati ndatola ndalama, chifukwa nyimbo ndi mapemphero a azigogo athu a ku Petauke tsopano ndimalemba monga amatchulira.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Abambo mlembi, mwandithandiza pa chinthu chimene sindinafunse n'komwe. Ndimaphunzitsanso Chinyanja kalasi imodzi. Ndayesa, ŵ watuluka. Nanga chizindikiro cha # chili kuti? Ndikadina Shift ndi 3 pakubwera £.

Mwana wa UNZA:
Kiyibodi yanu ndi ya ku UK madamu. Option ndi 3 ndiye #. Ubwino wake pulagi ya chaja ndi ya mano atatu ngati masoketi athu, simufunika kugula china.

Amalume a ku Kabwata:
Chabwino, ndikumva. Koma bwanji osangomuuza mnyamata wa ku Town uyu aikemo Windows nkhani ithe? Makina akhale a mkulu wake, m'kati mukhale zimene akudziwa.

Wokonza makompyuta ku Town:
Amalume, pa ma Mac akale zinkatheka. Anali ndi purosesa ya Intel ngati makompyuta ambiri a Windows, ndipo munali pulogalamu yotchedwa Boot Camp yoikira Windows pambali. Kumapeto kwa 2020 a Apple anayamba kuika purosesa yawoyawo, M1, ndipo pa imeneyo Boot Camp kulibe. Chotheka ndi kuyendetsa Windows m'kati mwa pulogalamu ina monga Parallels, koma imeneyo ndi yolipira, ndipo pa makina a 8 GB ya memore zimalemera. MacBook Air ya 2020 ilipo mitundu iwiri, ya Intel ya kumayambiriro kwa chaka ndi ya M1 ya kumapeto. Aphunzitsi, dinani kaapozi kumanzere pamwamba, About This Mac, mutiuze.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Palembedwa Apple M1, 8 GB.

Wokonza makompyuta ku Town:
Ndiye za Windows tiiwale. Wina akakuuzani m'tauni kuti bweretsani ndikuikireni Windows, musamupatse.

Koma amalume, pa nkhani ya shopu yanu munalondola kubweza. Pulogalamu imene fayilo yake imathera ndi .exe siiyenda pa Mac, ndipo ngati bizinesi yonse yatsamira pa pulogalamu yotero palibe chokambirana. Ine munthu wotero ndimamuuza kuti akhale pa Windows. Funso n'lakuti aphunzitsi ali ndi pulogalamu yotero? Ngati ntchito yawo ndi kulemba, malikisi, intaneti ndi Zoom, zonsezo zilipo.

Amalume a ku Kabwata:
Apo wanena chilungamo mwana wanga.

Lachitatu

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Mwadzuka bwanji nonse. Vuto latsopano. Usiku ndinalumikiza laputopu ku hotspot ya foni kuti nditumize imelo imodzi yokha. Ndinadzuka m'mawa bandulo ya mwezi wonse yatha. Palibe vidiyo imene ndinaonera. Komanso pakutuluka uthenga wofuna pasiwedi ya akaunti ya mkulu wanga, imelo yake ikuoneka pomwepo.

Wokonza makompyuta ku Town:
Imani kaye pamenepo aphunzitsi. Uthenga wachiwiriwo ndi waukulu kuposa bandulo, ndipo ndikanayenera kufunsa zimenezi Lolemba.

Ngati akaunti ya Apple ya akulu anu ikadali m'makinamo, ndiye kuti kwa a Apple mwini wake akadali iwo. Pali chitetezo chotchedwa Activation Lock chimene chimayenda ndi Find My, njira ya a Apple yopezera makina akasowa. Cholinga chake ndi chabwino, wakuba asapindule. Koma munthu akafufuta makinawo akauntiyo isanachotsedwe, akayaka amafuna imelo ndi pasiwedi ya mwini woyamba, ndipo popanda zimenezo sapitirira. Ine pa shelefu yanga pali awiri otere, eni ake anagula kwa anthu amene sakupezekanso. Ndi abwinobwino, osakandika n'komwe, koma ndi ongochotsako zipangizo basi. Zimandiwawa ndikawayang'ana.

Ndiye musapereke kwa aliyense kuti afomate. Ndipo mukanagulitsa Lolemba lija, wogulayo akanabwera pakhomo panu ndi mkwiyo.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Mayo ine. Ndinali nditalonjeza kale mnyamata wina kuti Loweruka ndimupititsira akaifufute iyambe ngati yatsopano.

Amayi a ku Matero:
Safunsa anadya phula. Mwachita bwino kulemba pano musanapite.

Wokonza makompyuta ku Town:
Inu muli ndi mwayi chifukwa mwini wake ndi m'bale wanu ndipo mumalankhulana. Njira yake ndi iyi. Mupangane nthawi imene akulu anu ali pa foni. Mupite ku System Settings, General, Transfer or Reset, Erase All Content and Settings. Makina afunsa pasiwedi yolowera, kenako pasiwedi ya akaunti ya Apple kuti atulutse akauntiyo. Akulu anu akuuzeni pa foni inu mulembe, iwo akatero aisinthe kwawoko ngati akufuna. Ikamaliza iyaka ngati yochoka m'katoni, inu n'kutsegula akaunti yanuyanu. Posankha dziko musankhe Zambia, App Store inafika kuno mu 2020, ndipo Pages mudzaitenganso kwaulere.

Koma osati sabata ino. Muli ndi mayeso Lachisanu. Malizani kaye, mukopere mafayilo anu onse mu fulashi yatsopano ija, mufunsenso akulu anu ngati muli zithunzi kapena makalata awo amene akuwafuna. Zikatha zimenezo ndiye mufufute.

Mwana wa UNZA:
Bandulo ija mwina yathera komweko. Ngati iCloud ya akulu anu, malo a Apple osungira zinthu pa intaneti, ili yoyaka, makina amayesa kukoka zithunzi ndi mafayilo awo akangoona intaneti. Apo ayi ndi update ya macOS, imene ili ngati Windows ya pa Mac, ikuluikulu ija imatha kupitirira 10 GB. Makinawa amaganiza kuti Wi-Fi iliyonse ndi yopanda malire ngati ya kumene achokera.

Mukalumikiza ku hotspot, pitani ku System Settings, Wi-Fi, dinani Details pambali pa dzina la foni yanu, muyatse Low Data Mode. Kenako General, Software Update, pa Automatic Updates muzimitse zodawuniloda zokha. Koma musasiyiretu ma update, muzikachita pamene pali Wi-Fi yabwino kapena pa bandulo ya usiku.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Ndayatsa Low Data Mode. Mkulu wanga ndamulembera, ali pa shifiti ya usiku sabata yonse ino, wati Loweruka masana. Wapepesa kwambiri, akuti anangofufuta zithunzi za pa desktop n'kuganiza kuti basi zatha.

Ndinene chinthu china chimene chili mumtima. Dzulo mu staff room mtsikana wina amene wangoyamba kumene ntchito anandiona ndikuvutika kupeza pomwe fayilo yapita, anati madamu bweretsani ndikuthandizeni. Sanalankhule mwachipongwe, anali ndi mtima wabwino. Koma ndinamva manyazi mpaka ndinatseka laputopu n'kunena kuti ndichita kunyumba. Usiku ndinakumbukira ana a m'kalasi mwanga amene amabisa kope ndi mkono ndikamadutsa. Ndakhala ndikuwadzudzula kuti bwanji simufunsa. Tsopano ndadziwa chimene chimawagwira pakhosi.

Amayi a ku Matero:
Mawa mukamuitane mtsikanayo mukhale naye pa bureki. Akuonetsani m'mphindi khumi zimene ife tikulemba pano tsiku lonse, chifukwa iye aziona sikirini ndi maso.

Mlembi wa mpingo ku Chawama:
Zoona. Ndipo aphunzitsi, chimene mukudziwa sichinachoke. Mukudziwa kuti fayilo n'chiyani, foda n'chiyani, chifukwa chake timasunga kawiri. Zili ngati kusamuka ku Chipata kubwera ku Lusaka. Kuphika ukudziwa, koma sudziwa kuti makala amagulitsa kuti.

Mnyamata wa ku Kalingalinga:
Ine laputopu yanga inabwera ndi Ubuntu m'malo mwa Windows chifukwa inali yotsika mtengo. Mwezi woyamba zinali chimodzimodzi, kufunafuna Word kulibe, kuli LibreOffice. Pano ndi chaka chachiwiri. Aphunzitsi, LibreOffice ilipo ya Mac ndipo ndi yaulere, imatsegula ndi kusunga .docx ndi .xlsx mwachindunji osachita export. Ingakuthandizeni pa malikisi.

Amalume a ku Kabwata:
Inenso zandipeza kuno. Kompyuta ya ku shopu ikundilembera kuti Windows 10 yatha nthawi yake.

Wokonza makompyuta ku Town:
Eya amalume, a Microsoft anaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lomaliza kuthandiza Windows 10. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yosakalamba kwambiri, ndiye makina ambiri akale sakuloledwa. Mukadzasamuka mudzapeza batani la Start lili pakati osati kumanzere, ndi menyu ya right click yafupikitsidwa. Mudzabwere nayo ndidzaione ngati ikuyenera, tidzayesenso pulogalamu yanu ya maakaunti tisanasinthe kanthu.

Lachinayi

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Fulashi yatsopano ndagula, ndaisintha kukhala exFAT monga munanenera. Ndinawerenga dzina katatu ndisanadine Erase. Ndaikamo mafunso, ndapita nayo pa kompyuta ya mu ofesi, yatseguka. Koma akalaliki achita mantha, akuti muli vairasi, chifukwa fayilo iliyonse ili ndi inzake ya dzina lomwelo loyamba ndi kadontho ndi kamzere kapansi, yaing'ono kwambiri ndipo siitseguka.

Wokonza makompyuta ku Town:
Si vairasi. Timafayilo toyamba ndi ._ amatipanga ndi Mac posunga tizinthu take tokhudza fayilo yeniyeniyo. Pa Mac timabisika, pa Windows timaoneka ngati kompyutayo yaikidwa kuti izionetsa zobisika. Auzeni atsegule yopanda kadontho. Akatifufuta palibe chimene chiwonongeke.

Koma akalaliki sakulakwa kukhala tcheru. Vairasi ija ya mafulashi imene imasandutsa mafoda kukhala ma shortcut ndi ya Windows, pa Mac siigwira ntchito, komabe fulashi yanu ikhoza kuinyamula kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina inu osadziwa. Ndipo pochotsa fulashi muzidina kaye Eject pambali pa dzina lake mu Finder, pulogalamu yoonera mafayilo pa Mac. Kuzula mwachangu ikulemba ndiye kumene kumaononga mafayilo.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Ndawauza, amvetsa. Mtsikana uja ndinamuitana pa bureki monga ananenera amayi. Wandionetsa kuti mu Finder ukadina Enter pa fayilo siitseguka, imafuna kusinthidwa dzina. Ndiye chifukwa chake mafayilo anga awiri anali ndi mayina achilendo, ndinawasintha ndekha osadziwa. Kutsegula ndi Command ndi O kapena kudina kawiri. Wandionetsanso kusuntha fayilo, poti Cut kulibe: ukopera ndi Command ndi C, pomata udina Command, Option ndi V. Ine ndamuonetsa mmene ndimakonzera tebulo la malikisi kuti lizidziwerengera lokha, iye sankadziwa.

Chimodzi chokha chikundikanabe. Ndikatsitsa zala pa trackpad tsamba likupita kumene sindikufuna.

Mwana wa UNZA:
System Settings, Trackpad, Scroll & Zoom, muzimitse Natural scrolling, ibwerera ngati ya Windows. Komano ndikanakhala inu ndikanaisiya masiku awiri. Imayenda ngati pa foni, chala chikukankha pepala. Mukaiganizira choncho imakhazikika.

Foni yanu ndi Android? Mukailumikiza ndi waya siionekera mu Finder ngati mmene imachitira pa Windows. Zithunzi zochepa tumizani pa WhatsApp Web kapena Google Drive. Zambiri, pali pulogalamu yaulere yotchedwa LocalSend, imatumiza pakati pa foni ndi laputopu zikakhala pa hotspot imodzi osadya bandulo.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Ndi Android. Zimenezo ndiziyesa mayeso akatha, mutu wadzaza.

Lachisanu

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Mafunso asindikizidwa m'mawa uno kuchokera pa PDF, mizere yonse ili m'malo mwake, ngakhale tebulo la funso lachisanu limene pa Word linali litasuntha pang'ono. Magetsi kwathu anapita dzulo madzulo ndipo marking key ndinaimalizira mumdima, mabatani akuwala okha.

Sindigulitsa. Amalume musakhumudwe, mawu anu ndinawaganizira kwambiri, ndipo ndikanakhala ndi pulogalamu ngati yanu ija ndikanakumverani. Chala chikupitabe ku Ctrl nthawi zina, kapepala kofiira ndamata.

Mawa 2 koloko masana ndi pamene tapangana ndi mkulu wanga. Mafayilo onse ndaika mu fulashi ndi pa Google Drive. Achimwene a ku Town, pali china chofunika kukonzekera?

Amalume a ku Kabwata:
Palibe kukhumudwa mwana wanga. Ukamupatse moni mkulu wakoyo.

Wokonza makompyuta ku Town:
Batire likhale lodzaza ndipo chaja ikhale pafupi. Mukhale ndi intaneti yodalirika, chifukwa ikafufuta imafuna kulumikizana ndi a Apple isanakulolezeni kulowa, ndiye hotspot ikhale ndi bandulo, ndipo akulu anu muwaimbire pa foni ina kuti hotspot isadukeduke. Foni yawo ikhale m'manja chifukwa pakhoza kubwera nambala ya manambala 6 yotsimikizira. Pasiwedi ya akaunti yanu yatsopano muilembe m'buku limene simuyenda nalo. Ine mawa nditseka 4 koloko, pakatuluka uthenga umene simukuumvetsa muujambule ndi foni muutumize pano musanadine kanthu.